Dzulo 91, lero 93: yapenga ndi sikelo kapena thupi?

Ntchito yanga ndi ya sikelo. Nyengo yokolola ikafika ndimakhala pa Santhe kugula soya, mtedza ndi chimanga, ndipo matumba amene ndimakweza pa sikelo tsiku limodzi sindingawawerenge. Ndiye mungaganize kuti atandiuza kuchipatala kuti BP yakwera ndipo ndichepetseko thupi, nkhani ya sikelo inali yophweka kwa ine. Ayi ndithu, inandisowetsa tulo. Ndinagula kasikelo koponda kaja, mitanda ya nsima ndinaichotsa pa itatu kufika pa iwiri, shuga wa mu tiyi ndinamusiya, ndipo sabata yoyamba ndinatsika makilo awiri. Ndinkayenda ngati ndatola chikwama. Lolemba lotsatira, nditabwera ku chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, sikelo inandibwezera kilo imodzi ndi theka. Ndinakhala pa bedi n'kugwira tsaya, kumadzifunsa kuti nanga masiku onsewa ndavutikiranji.

Anandibweza maganizo ndi bambo a kunyumba, ndipo sanachulutse gaga m'diwa. Anangoti, "Amayi, inu nomwe mumabweza alimi akabwera ndi chimanga chosauma, mumati akukugulitsani madzi. Nanga lero madzi omwewo mukuwalirira bwanji?"

Ananena zoona. Thumba la chimanga la makilo 50 limene lili ndi chinyezi cha 20 peresenti, likauma n'kufika cha pa 13 peresenti pamene ogula akuluakulu amafuna, limatsala ndi makilo 46. Palibe waba ngakhale njere imodzi, achoka ndi madzi basi. Alimi a fodya amene amagulitsa ku Chinkhoma amadziwanso kuti tsamba lomwelo limafewa n'kulemera kukakhala chinyezi, n'kupepuka kukauma. Ena mwa alimi athu amafika powaza madzi mtedza kuti usavute kuswa komanso ulemere, chizolowezi choipa chimene chimabweretsa chuku, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Thupi la munthu wamkulu, kupitirira theka lake ndi madzi, ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi ndendende. Sikelo siisankha. Imayeza mafupa, minofu, mafuta, madzi, nsima ya dzulo imene idakali m'matumbo, ngakhale chitenje chimene mwamanga. Inu mukufuna kudziwa za mafuta okha, iyo ikukupatsani zonse pamodzi. N'chifukwa chake kusiyana kwa kilo imodzi kapena awiri pakati pa dzulo ndi lero n'kwachibadwa kwa munthu wamkulu wathanzi. Zimene ndalemba apazi ndi zimene ndimafufuza ineyo nambala ikandidabwitsa, kuyambira pa chinthu chosavuta.

Yambani mwakayikira sikelo yeniyeniyo

Ife ogula mbewu timadziwa kuti masikelo awiri sagwirizana, ngakhale onse akhale osabera. Ya kuchipatala, ya mnyamata wa pamsika amene amayeza anthu n'kulandira kandalama, ndi ya kunyumba kwanu, iliyonse ili ndi mawu ake. Mukayezedwa kuchipatala Lachiwiri, Lachisanu n'kukaponda ya pamsika mutavala nsapato, juzi, foni ili m'manja, manambala awiriwo musawayerekezere n'komwe. Sankhani sikelo imodzi n'kukhala nayo.

Pansi pamene mwaiika ndi nkhani yaikulu kuposa momwe anthu amaganizira. Sikelo yoponda imafuna pansi polimba ndi posalala, pa simenti kapena pa matayilosi. Pa mkeka, pa mphasa kapena pa kapeti imanama. Pansi pozira pamakhala timabampu timene maso saona, ndipo mwendo umodzi wa sikelo ukalendewera nambala imasokonekera. Ngati nyumba yanu ndi yozira, pezani thabwa lokhuthala losapindika muziika pamalo amodzimodzi. Ine ndinalemba ndi choko pamene pamakhala yanga, chifukwa ana akamasesa ankaisuntha.

Ya manambala ikayamba kupereka mayankho osiyana mukaponda kawiri motsatizana, kawirikawiri ndi batire lafooka. Komanso mukainyamula n'kuiika pena, iponde kamodzi, tsikani, idikireni ibwerere pa ziro, kenako muyeze zenizeni. Ya muvi ili ndi kagudumu kobwezera muviwo pa ziro, ndipo muziyang'ana musanakwere.

Kuti mudziwe ngati ikugwira bwino, dziyezeni chimanjamanja, kenako mudziyezenso mutanyamula chigubu cha malita 5 chodzaza madzi. Ikuyenera kukwera ndi makilo 5 ndi kakang'ono ka kulemera kwa chigubucho. Ikakwera ndi 3 kapena 7, vuto si thupi lanu.

Nthawi yoyezera ndi m'mamawa, mutangodzuka, mutapita kuchimbudzi, musanamwe kapena kudya kanthu, mutavala chopepuka chomwecho masiku onse. Usiku munthu amataya madzi popuma, potuluka thukuta ndi pokodza, n'chifukwa chake m'mawa amapepuka kuposa madzulo. Kuyeza madzulo mutadya mgonero n'kumayerekeza ndi nambala ya m'mawa ndi kudzipweteka mtima dala.

Mwakwera kilo imodzi kapena awiri usiku umodzi

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, choncho tichite masamu pang'ono. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga mphamvu ya makalori pafupifupi 7,700 (kalori ndi muyeso wa mphamvu ya m'chakudya). Munthu wamkulu amagwiritsa ntchito makalori cha m'ma 2,000 mpaka 2,500 pa tsiku, kutengera msinkhu ndi ntchito yake. Ufa wa chimanga wolemera kilo imodzi uli ndi makalori pafupifupi 3,600. Ndiye kuti mupange kilo imodzi ya mafuta tsiku limodzi, mufunika kudya chakudya chanu cha masiku onse, n'kuwonjezerapo nsima ya ufa wopitirira makilo awiri, nokha. Kapena kumwa mafuta ophikira pafupifupi lita yathunthu. Ku chinkhoswe kuja ndinadya ndithu, sindikana, mpunga, nkhuku yokazinga, tchipisi, zoziziritsa kukhosi mabotolo awiri. Koma lita ya mafuta sindinamwe.

Nanga kilo ndi theka ija inachokera kuti? Woyamba kumuloza chala ndi mchere. Mu mchere muli sodium, ndipo thupi silifuna kuti sodium achuluke m'magazi kuposa muyeso wake. Mukadya wambiri, mumamva ludzu, mumamwa madzi, ndipo impso zimayamba zawasunga madziwo mpaka zitatulutsa sodium wowonjezerayo. Zimenezi zimatenga tsiku limodzi, awiri, mwina atatu. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kamene ndi kasupuni kakang'ono ka tiyi kamodzi, kuphatikizapo wobisika m'zakudya. Tsopano ganizirani kanyenya wa pachiwaya amene timasinsa mu mchere wosakaniza ndi tsabola, nsomba zouma zothira mchere, tchipisi, masoseji, timapaketi tokometsera ndiwo, buledi. Wina amene saganiziridwa ndi soda wa kugolosale amene timathira mu therere kapena m'nkhwani kuti ufewe. Nayenso ali ndi sodium ngakhale sakoma ngati mchere. Mphete ikathina m'mawa, kapena zikope zikatupako, kumbukirani zimene munadya dzulo.

Wachiwiri ndi zakudya zokhutitsa: nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, buledi, ndi zonse za shuga. Thupi limasunga gawo lina la zakudya zimenezi m'chiwindi ndi m'minofu ngati nkhokwe yapafupi, yotchedwa glycogen. Nkhokwe imeneyi imafika cha m'ma magalamu 400 kapena 500 mwa munthu wamkulu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa limodzi ndi madzi okwana magalamu pafupifupi atatu. Mukachepetsa nsima, nkhokwe ija imaphwa, madzi ake n'kutuluka ndi mkodzo. Makilo awiri amene ndinawasangalalira sabata yoyamba aja, ambiri anali amenewa. Mukadya mpunga wa paukwati mbale yodzaza, nkhokwe imadzazanso, madzi n'kubwerera. Palibe chimene mwawononga apa. Ndi thumba lija langoyamwanso chinyezi.

Wachitatu ndi chakudya chenichenicho, chimene chili ndi kulemera kwake chisanagayidwe. Mbale ya nsima ndi ndiwo, mutsirepo kapu ziwiri za thobwa, n'zosavuta kufika kilo. Chakudya chimatha tsiku limodzi kapena awiri, kwa ena atatu, kuti chidutse m'mimba monse. Amene achepetsa kudya mwadzidzidzi kawirikawiri amadzimbidwa, ndipo munthu amene watha masiku atatu osachita chimbudzi akunyamula katundu amene sikelo ikumuwerengera. Mankhwala ake ndi masamba ochuluka, mpiru, chisoso, bonongwe, nkhwani, kholowa, komanso nyemba, papaya, mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, ndi madzi akumwa okwanira. Amene angoyamba kudya nyemba ndi masamba ambiri asadabwe mimba ikafufuma masiku oyamba, imazolowera.

Chochita mukaona nambala yotere n'chosavuta kunena koma chovuta kuchita: bwererani ku kadyedwe kanu ka masiku onse n'kudikira masiku atatu. Musadzilange ndi njala tsiku lonse, chifukwa madzulo mudzadya ngati mwachokera kumunda wa ganyu. Musasiyenso kumwa madzi poganiza kuti ndi amene akukulemeretsani, pakuti impso zimafuna madziwo kuti zitulutse mchere. Ine Lachinayi la sabata imeneyo ndinali nditabwerera pamene ndinali chinkhoswe chisanachitike.

Kwa ife amayi

Masiku ochepa tisanapite kumwezi thupi limasunga madzi chifukwa cha kusintha kwa mahomoni. Mabere amalemera, mimba imafufuma, sikelo imakwera ndi theka la kilo, kilo, kwa ena mpaka makilo awiri, kenako imatsika yokha msambo ukayamba kapena ukamatha. Agogo athu ankaletsa mayi amene ali kumwezi kuthira mchere m'ndiwo poopa mdulo. Chifukwa chawo chinali china, koma ine ndimaseka ndekha kuti akanatiletsa kuudya wambiri masiku amenewo, bwenzi atatithandiza zenizeni.

Mayi asayerekeze sabata ino ndi sabata yatha yokha. Ayerekeze sabata ino ndi sabata yofanana nayo ya mwezi watha. M'kope mwanga ndimaika kamtanda pa tsiku loyamba la msambo, ndipo patatha miyezi itatu ndinali nditadziwiratu kuti masiku anayi kamtandako kasanafike, sikelo imandinamiza. Ndipo ngati msambo wadumpha, sikelo n'kumakwerabe, kayezetseni kaye ngati muli oyembekezera musanapitirize kudzimana chakudya. Mayi wapakati sachepetsa thupi.

Mwalimbikira ntchito koma yakwera

Izi zimakhumudwitsa kwambiri. Mwayamba kuthamanga m'mawa, kapena mwabwerera ku ntchemberembaye patatha zaka, kapena mwatha masiku awiri mukugalauza munda, thupi lonse likuphwanya, sikelo n'kukwera. Minofu imene yagwira ntchito yosazolowera imatupa pang'ono ndi madzi pamene ikudzikonza. Kuphwanya kukatha madziwo amapita. Ena amadzitonthoza kuti ndi minofu yakula, koma minofu siikula msanga choncho. Ndi madzi.

Ulendo wautali nawonso. Mukakhala m'basi tsiku lonse kuchokera ku Blantyre kapena ku Karonga miyendo ili yopinda, madzi amatsikira kumapazi ndipo nsapato zimathina. Kutentha kwa mu October kumatupitsanso mapazi a anthu ena. Kugona mochedwa ndi nkhawa zimasokonezanso thupi, ndipo amene wachezera pamaliro usiku wonse asayembekezere nambala yolongosoka m'mawa mwake.

Yatsika kwambiri, muyambe kuvina?

Dikirani kaye. Munthu amene wapalasa kabaza tsiku lonse padzuwa, kapena walima kuyambira mbandakucha, atha kupepuka ndi kilo kapena kuposerapo chifukwa cha thukuta. Amene wamwa mowa usiku amakodza kwambiri, m'mawa amapepuka, kenako patsiku lotsatira thupi limabweza madziwo ndi chiwongoladzanja. Kusala kudya kutchalitchi, kutsegula m'mimba, malungo, zonsezi zimatsitsa sikelo mofulumira ndipo imabwerera munthu akayambanso kudya ndi kumwa.

Apa ndi pamene ogulitsa tiyi wochepetsa thupi pa WhatsApp ndi Facebook amadyerapo. Ambiri mwa matiyi amenewa amagwira ntchito potsegula m'mimba kapena pokodzetsa. Masiku atatu sikelo yatsika, inu mwakhulupirira, mwagulanso paketi ina. Mafuta ali pomwepo. Choopsa n'chakuti mukutaya madzi ndi mchere wofunika m'thupi, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala a BP, a shuga kapena a mtima, zimenezi zitha kumugwetsa. Kudzikulunga mapulasitiki pamimba kapena kuthamanga mutavala jekete padzuwa n'chimodzimodzi, mukungofinya thukuta limene mudzalibweza ndi kapu ya madzi. Mafuta akamapsa m'thupi, gawo lalikulu limatuluka ndi mpweya umene timapuma, pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso.

Kope ndi masamu a pulayimale

Chimene chinandichiritsa matenda a sikelo ndi kope la ana asukulu. M'mawa uliwonse ndimalemba nambala, pambali pake mawu awiri kapena atatu: "ukwati", "therere la soda", "ulendo", "sindinagone". Lamulungu ndimaphatikiza manambala onse 7 n'kugawa ndi 7. Avereji imeneyo ndi imene ndimaikhulupirira.

Onani masabata awiri awa a m'kope mwanga. Yoyamba, kuyambira Lolemba: 93.1, 92.4, 92.0, 92.3, 91.7, 91.6, 92.3. Avereji yake ndi 92.2. Yachiwiri: 92.8, 92.0, 91.4, 91.6, 91.1, 91.0, 92.0. Avereji yake ndi 91.7. Tayang'anani pakatipo. Loweruka ndinali 91.6, Lolemba lotsatira 92.8, kukwera ndi kupitirira kilo m'masiku awiri. Ndikanangoyang'ana pamenepo bwenzi nditataya kopelo. Koma avereji inatsika ndi theka la kilo, ndipo kutsika kwa theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata ndi kumene azaumoyo amalangiza. Muonanso kuti Lolemba lililonse nambala ili pamwamba, Lachisanu ndi Loweruka ili pansi. Si zamatsenga, ndi Loweruka masana ndi Lamulungu pamene kumakhala maukwati, alendo ndi nyama.

Sikuti aliyense ayenera kuyeza tsiku ndi tsiku. Ngati nambala ya m'mawa imakuwonongerani tsiku, mpaka kukalipira ana popanda chifukwa, yezani kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, makamaka Lachinayi kapena Lachisanu, osati Lolemba. Ingodziwani kuti mukayeza kamodzi mutha kugwera pa tsiku la madzi, choncho muziweruza ndi mwezi wathunthu. Ndipo ngati mwafika pokwera sikelo kanayi patsiku, kudzisanzitsa mukadya, kapena kuopa chakudya, ibiseni sikeloyo n'kukakamba ndi achipatala. Pamenepo vuto lasanduka lina.

Avereji yaima masabata atatu kapena anayi

Sabata imodzi kapena ziwiri osasuntha si nkhani. Madzi amatha kubisa mafuta amene mwataya, kenako tsiku lina mumangoona yatsika kamodzin'kamodzi. Koma avereji ikakhala pamodzi mwezi wathunthu, ndipo lamba kapena siketi sizikusintha, musanamizirenso madzi. Apa tiuzane zoona: chimene chikulowa chafanana ndi chimene thupi likugwiritsa ntchito.

Zifukwa zake zimakhala ziwiri. Thupi likachepa limafunanso chakudya chochepa, choncho muyeso umene unkakutsitsani pa makilo 95 utha kungokusungani pa 88. China, chimene chimachitika kawirikawiri, ndi zinthu zimene zalowanso mwakachetechete. Kwa ine unali mtedza. Munthu wogula mtedza amangotafuna tsiku lonse osadziwa, kulawa thumba ili, kulawa lija, pamene magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori opitirira 550. Mtedza ndi chakudya chabwino, koma wa m'manja mosawerenga unandidyera mwezi wonse. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ambiri timathira kuchokera m'botolo, osayeza. Botolo la zoziziritsa kukhosi la mamililita 300 litha kukhala ndi shuga wokwana timasupuni 7 kapena 8. Thobwa lothira shuga, maheu, mandasi a pa tiyi, zitumbuwa, zotsala za ana zimene timamaliza poopa kutaya, kulawa ndiwo pophika. Palinso mtanda umene umakula wokha: mukuti mukudya iwiri, koma chipande chake chasintha. Nyengo nayo ili ndi misampha yake, mango mu December, chimanga chootcha ndi maungu mu March, nzimbe ndi mbatata m'nyengo yozizira.

Lembani chilichonse chimene chalowa m'kamwa kwa masiku 7, mosadzikondera. Kenako sinthani chinthu chimodzi kapena ziwiri zokha, mwina kuyeza mafuta ndi supuni, mwina kuyenda wapansi m'malo mokwera kabaza, n'kudikiranso masabata atatu. Kusintha zonse nthawi imodzi kumatopetsa, ndipo simudziwa chimene chathandiza.

Funsaninso za mankhwala amene mukumwa. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena. Prednisolone, amene amaperekedwa pa mphumu ndi matenda ena otupitsa, amasungitsa madzi ndi kukulitsa chilakolako cha chakudya. Insulin wa shuga, mankhwala ena a matenda a maganizo ndi a khunyu, komanso ma ARV okhala ndi dolutegravir amene dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amawonjezera thupi kwa ena. Amlodipine wa BP amatupitsa akakolo. Musasiye mankhwala aliwonse mwa nokha chifukwa cha sikelo. Tengani kope lanu lija mukawaonetse a dokotala, iwo ndi amene angaone ngati pali chosintha.

Pamene si madzi wamba

Madzi a mchere ndi a mpunga amabwera n'kupita m'masiku ochepa. Koma sikelo ikamangokwera tsiku ndi tsiku, makilo awiri kapena kuposa m'sabata imodzi popanda kusintha kadyedwe, miyendo itatupa moti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje, mukubanika mukagona chagada kapena mukayenda pang'ono, nkhope yatupa m'mawa, mkodzo wachepa kapena ukuchita thovu, musadikire masiku atatu aja. Zimenezo zitha kukhala za mtima, impso kapena chiwindi, ndipo n'zofunika chipatala tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera amene watupa nkhope ndi manja, mutu ukuwawa kwambiri kapena akuona zinthu mwachimbuuzi, athamangire naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Mwendo umodzi wokha ukatupa n'kumapweteka, makamaka pambuyo pa ulendo wautali, nawonso si wodikira.

Mbali inayo ndi yonyenga kwambiri, chifukwa munthu amene akufuna kuchepa amasangalala akamatsika. Ngati mukutsika mofulumira kuposa momwe kadyedwe kanu kangafotokozere, kapena mukupitirira kutsika pamene mwayambiranso kudya monga kale, kayezetseni. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi ndi zizindikiro za shuga. Kutsokomola kopitirira masabata awiri, thukuta la usiku ndi kutentha thupi ndi zizindikiro za chifuwa chachikulu. Kuyezetsa HIV n'kwaulere m'zipatala za boma. Amene akumwa kale mankhwala a shuga kapena a BP auze achipatala asanachepetse kwambiri chakudya, chifukwa thupi likamatsika muyeso wa mankhwala umafunika kuunikidwanso, apo ayi shuga atha kutsika kwambiri kapena munthu n'kumachita chizungulire.

Ngati mulibe sikelo

Ambiri mwa amene ndimacheza nawo pamsika alibe sikelo kunyumba, ndipo sindiwauza kuti akagule. Tepi ya telala ndi yotsika mtengo ndipo mchere wa dzulo suipusitsa kwambiri. Yezani mimba m'mawa musanadye, mutaimirira, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba. Kawiri pa mwezi n'kokwanira. Muyeso wosavuta kukumbukira ndi wakuti kuzungulira kwa mimba kusapitirire theka la kutalika kwanu. Munthu wotalika masentimita 160 afune kukhala pansi pa 80. Mafuta a pamimba ndi amene amayendera limodzi kwambiri ndi shuga ndi BP, choncho tepi ikukuuzani chinthu chimene sikelo siingathe. Ngakhale tepiyo palibe, dulani chingwe chofanana ndi msinkhu wanu, chipindeni pakati, muone ngati chikuzungulira mimba. Muzimanga mfundo pamene chafika mwezi uliwonse.

Muyeso wina umene sindikulangizani kuukhulupirira ndi pakamwa pa anthu. Kwathu kuno kunenepa ndi chizindikiro chakuti pakhomo pali mtendere, ndipo munthu akayamba kuchepa manong'onong'o amayamba. Nditatsika makilo 6, apongozi anga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa motsitsa mawu, "Mwana wanga, kodi kunyumbako mukukhala bwino? Musandibisire." Sabata yomweyo mnzanga wina wa pamsika anandiuza kuti sakuona kusintha kulikonse. Ndinawafotokozera apongoziwo za BP, ndinawaonetsa buku la kuchipatala pamene manambala anali atayamba kutsika, ndipo anamvetsa, ngakhale mpaka lero ndikapita kwawo amandiikirabe mtanda wachitatu. Ndimadya iwiri, wachitatuwo ndimausiyira adzukulu awo, ndipo Lolemba lake m'kope ndimalemba kuti "kwa apongozi, nkhuku ya mchere".